Ng'ombe ikudya, mkaka ukutha: mdani wobisala m'chiwindi

Chigodola chikalowa m'khola, mudzi wonse umadziwa sabata isanathe. Ng'ombe imatentha thupi, imasiya kudya, mwini wake amathamanga uku ndi uku kufuna alangizi, ndipo ikafa anthu amabwera kudzapepesa ngati pagwa maliro. Nyongolotsi za m'chiwindi sizichita phokoso lotere. Ng'ombe imadya bwinobwino, imabzikula, m'mawa imaima kuti ikamidwe monga mwa masiku onse. Chimene chimasintha ndi chigubu. Mwezi uno mkaka ukulekeza pakhosi, mwezi wamawa pakati, ndipo mlimi amayamba kukayikira mnyamata wokama kuti mwina akugulitsako panjira.

Mwina mukuwerenga izi pa foni muli mu minibasi ya ku Ndirande kapena pa mzere wa madzi ku Zingwangwa, n'kumati za ng'ombe zikundikhudza pati ine. Zikukukhudzani. Mkaka wambiri umene umafika m'mafakitale a m'dziko muno umachokera kwa alimi ang'onoang'ono a ku Blantyre, Thyolo, Chiradzulu ndi Mulanje, ambiri mwa iwo a ng'ombe imodzi kapena ziwiri, amene amagulitsa kudzera m'magulu a pansi pa bungwe la Shire Highlands Milk Producers Association, lija timangoti SHMPA. Komanso ambiri a msinkhu wathu tinaikapo ndalama pa ng'ombe ya makolo. Wina anagula malata a khola, wina amatumiza ya madeya mwezi ndi mwezi pa Mpamba kapena Airtel Money. Ng'ombe ikadwala, foni imene imalira ndi yathu.

Azakhali anga amakhala kumapeto kwa Machinjiri, kumene tauni imayamba kusanduka mudzi. Ali ndi ng'ombe imodzi yakuda ndi yoyera, ya mtundu wosakanizika ndi Friesian, ndipo situluka m'khola chaka chonse. Chakudya chimaipeza pomwepo: nsenjere, madeya, mapesi, masangwi a mtedza akapezeka. Inabereka mu Julaye, ndipo pofika Seputembala inkatulutsa malita 14 patsiku. Mu Novembala inatsika kufika pa 9. Mkaka umatsika ndithu miyezi ikamapita, aliyense woweta amadziwa zimenezo, koma apa unkatsika mothamanga, nthiti zinayamba kuwerengeka, ubweya unachita kuyima ngati wa galu wa m'misika. Anaibereketsa kawiri ndi umuna wa m'botolo, osatenga bere.

Mwana wawo, msuweni wanga amene ali ku Johannesburg, ataona chithunzi pa WhatsApp anagamula nkhaniyo pomwepo: ndi njoka za m'mimba zimenezo. Anatumiza ndalama, mnyamata anapita mu Limbe n'kubwerako ndi botolo la jakisoni wa ivermectin. Anaibaya. Patapita masabata atatu palibe chinasintha, kupatula kuti pansi pa chibwano panayamba kulendewera chotupa chofewa, ngati munthu wamangirirapo kajumbo ka madzi.

Alangizi a ziweto atafika sanayambe ndi jakisoni. Anatembenuza chikope cha ng'ombeyo n'kundiitana kuti ndione. M'malo mofiirira, m'kati munali motuwa ngati pepala. Kenako anafunsa funso limene azakhali sanaliyembekezere.

"Mayi, udzu wa chilimwe chapitachi munkamweta kuti?"

"Kudambo kuja alangizi, m'mbali mwa khwawa. Nanga kumtunda kuno kunali chobiriwira?"

Alangiziwo anangogwedeza mutu, n'kuvala golovesi yofika m'phewa.

Ulendo wodutsa mu nkhono

Kuti mumvetse chifukwa chake funsolo linali lofunika kuposa chithunzi cha pa WhatsApp, muyenera kudziwa mmene nyongolotsi imeneyi imayendera. Dzina lake la sayansi, mtundu umene uli wofala kuno ku Africa ndi kumadera otentha a ku Asia, ndi Fasciola gigantica. Kumaiko ozizira kuli m'bale wake, Fasciola hepatica. Ngakhale timati nyongolotsi, siyozungulira ngati ya m'dothi. Ndi yaphwatalala ngati tsamba, ndipo yathuyi imatha kutalika masentimita 7, pafupifupi chala chanu cha mkombaphala. Imakhala m'njira zodutsa ndulu m'kati mwa chiwindi, kumadya magazi ndi kukanda makoma a njirazo, n'kumaikira mazira masauzande ambiri tsiku lililonse. Mazirawo amatsika ndi ndulu kulowa m'matumbo, n'kutuluka ndi ndowe.

Ndowe zikauma padzuwa nkhani yathera pomwepo. Zikakokoloka n'kulowa m'madzi, dzira limaswa kachilombo kosambira kamene kali ndi maola ochepa chabe oti kapeze nkhono ya m'madzi. Osati nkhono iliyonse ayi. Kuno ndi kankhono kena ka chigoba chopyapyala, Radix natalensis, kokonda madzi odekha a m'madambo, m'mayiwe ndi m'mbali mwa mitsinje yoyenda pang'onopang'ono. M'thupi mwa nkhonoyo kachilombo kamodzi kamachulukana n'kukhala mazana. Pakapita masabata angapo timatuluka, timasambira pang'ono, timamata pa tsamba la udzu, n'kudzikuta m'kachigoba kolimba kosaoneka bwino ndi maso. Apo timangodikira pakamwa pa ng'ombe, mbuzi kapena nkhosa.

Amene munakulira kunyanja kapena ku Chikwawa mwaona kale kuti zikufanana ndi likodzo. N'zoona, ndi pachibale, ndipo zonse zimadalira nkhono. Koma nkhono zake n'zosiyana, ndipo likodzo limaboola khungu pamene iyi imalowera pakamwa.

Anthu akhala akulimbana nayo kuyambira kale. M'busa wina wa ku France, Jean de Brie, analemba za matendawa mu nkhosa m'chaka cha 1379, koma panatenga zaka zoposa 500 kuti anthu adziwe zoti pakati pali nkhono. Amene anatulukira zimenezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 ndi Algernon Thomas ku England ndi Rudolf Leuckart ku Germany, aliyense payekha.

Tsono apa ndi pamene alimi a m'tauni amapusitsika. Timaganiza kuti ng'ombe ya m'khola ndi yotetezeka chifukwa siponda kudambo. Ku nkhupakupa inde, imatetezekako. Koma kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mapiri a Ndirande, Mpingwe ndi Michiru atauma gwa, udzu wobiriwira umatsala m'mbali mwa madzi mokha. Imani pamsewu m'mawa mu Okutobala muone njinga zosenza mitolo ya udzu, mufunse kumene zachokera. Kuli konse kumene mtsinje wa Lunzu, Likhubula kapena Mudi wasiya chinyezi, kuli munthu ndi chikwakwa. Ng'ombe sipita kudambo, koma dambo limabwera lokha pa kaliyala.

Ndowe zimanena zoona, koma osati tsiku lililonse

Alangizi aja anatenga ndowe kuchokera m'thupi mwa ng'ombe momwemo, osati zotola pansi, chifukwa zapansi zimasakanizika ndi dothi ndi tizilombo tina. Anaziika m'kajumbo, anamanga, analemba dzina ndi tsiku, n'kuika mu kabokosi kozizira. Boma lili ndi labotale yaikulu ya ziweto ku Lilongwe ndi zina za m'zigawo ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo njira yofikirako kwa mlimi wamba ndi kudzera kwa alangizi a ziweto a m'dera lake, monga a ku EPA ya Lunzu kapena ya Ntonda, kapena kudzera ku gulu kumene amagulitsa mkaka.

Kuyeza kwake sikufuna makina a mamiliyoni, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa kuti ambiri sitikuchita. Woyeza amasungunula ndowe pang'ono m'madzi, amasefa ndi sefa yonga ya tiyi, n'kusiya madziwo akhazikike kwa mphindi zochepa. Mazira a nyongolotsi imeneyi ndi olemera, amamira. Amataya madzi apamwamba, amathira ena, amadikiranso, mpaka pansi patatsala nsenga zoyera. Akadonthezapo mankhwala a buluu, zinyalala zonse zimasanduka zabuluu koma mazirawo amakhalabe achikasu ngati golide. Pa maikulosikopu amaoneka ngati timazira ta nkhuku tokhala ndi kachivindikiro mbali imodzi. Dzira limodzi silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo 5 a milimita.

Kulemera kumeneku n'kofunika kukudziwa. Njira imene amayezera njoka wamba za m'mimba ndi yoyandamitsa mazira m'madzi a mchere, ndipo mazira a nyongolotsi ya m'chiwindi sayandama bwino m'madzi amenewo. Ndiye munthu akhoza kuyezetsa, n'kuuzidwa kuti mulibe kanthu, chonsecho anayeza china. Potumiza ndowe nenani mosapita m'mbali kuti mukukayikira za m'chiwindi.

Zotsatira zoyamba za ng'ombe ya azakhali zinabwera zopanda dzira ngakhale limodzi. Msuweni wanga pa foni anayamba kale kunena kuti alangizi angotidyera ya thiransipoti. Alangiziwo sanatekeseke. Anati tiyezenso pakapita masabata atatu, ndipo anafotokoza chifukwa chake.

Ng'ombe ikameza kachilombo kaja, kamaboola matumbo n'kukafika ku chiwindi, kumene kamayendayenda kakuboola mnofu kwa masabata ambiri kasanalowe m'njira za ndulu. Nthawi yonseyi kakuwononga koma sikanayambe kuikira. Kwa mtundu wathuwu pamatenga miyezi 3 kapena 4 kuti mazira oyamba aoneke m'ndowe. Ng'ombe imene inadya udzu wa kudambo mu Seputembala ikhoza kukhala ikudwala mu Novembala ndowe zake zili zoyera. Ngakhale nyongolotsi zitakula, mazira satuluka mofanana tsiku ndi tsiku. Amaunjikana m'kathumba ka ndulu n'kumatuluka mwa apo ndi apo, komanso ng'ombe imachita ndowe zambiri zedi moti kachidutswa kamene mwatenga kakhoza kukhala kopanda mwayi. Dzira likapezeka, yankho ndi lotsimikizika. Likapanda kupezeka, yankho ndi lakuti "mwina".

Pali msampha winanso. Amene munatsukapo chifu cha ng'ombe pokonza zam'kati munaonapo tinthu tofiirira, tonenepa ngati njere za mpunga wonyowa, titamata pakati pa timinofu ta chifucho. Imeneyo ndi nyongolotsi ina, ya m'chifu, ndipo nayonso imadutsa mu nkhono. Mazira ake amafanana kwambiri ndi a m'chiwindi kukula ndi maonekedwe, kungoti ndi otuwa, osati achikasu. Woyeza wothamanga akhoza kusokoneza ziwirizi.

Mu Januwale ndowe zachiwiri zinapita. Mazira achikasu anapezeka.

Kumene amakama njati

Ife tikamva njati timaganiza za Majete, Lengwe kapena Liwonde, nyama yolusa yosati n'kuiyandikira ndi ndowa. Koma ku India, Pakistan, Egypt ndi Philippines kuli njati ina ya m'madzi, yoweta, imene imakamidwa ngati ng'ombe. Ku Pakistan mkaka wopitirira theka umachokera ku njati zimenezi, mtundu wotchuka ndi Nili-Ravi, ndipo ku Italy mkaka wake ndi umene amapangira tchizi cha mozzarella chenicheni. Boma la Philippines linachita kukhazikitsa bungwe lake lapadera, Philippine Carabao Center, m'chaka cha 1992. Njati yotereyi imatha tsiku ikuvimvinizika m'matope ndi kudya m'minda ya mpunga, ndiye ganizirani nokha mmene imakumanirana ndi nkhono. Nyongolotsi yake ndi yomweyi ya kwa azakhali, Fasciola gigantica, ndipo kafukufuku wambiri wa mmene tingaizindikirire msanga wachitikira kumeneko.

Njira zimene zikugwiritsidwa ntchito kunjaku zimayesa kutseka mpata wa miyezi ija. Ina imayeza magazi, kufufuza asilikali amene thupi lapanga polimbana ndi nyongolotsiyo, ndipo imatha kuonetsa matendawa patangopita masabata ochepa chiweto chitameza kachilombo. Vuto lake n'lakuti asilikaliwo amakhalabe m'magazi kwa miyezi ngakhale nyongolotsi zitafa, ndiye siikuuza ngati mankhwala agwira. Ina imafufuza m'ndowe zinthu zimene nyongolotsi yamoyo imatulutsa, ndipo imeneyi imasiya kuonetsa nyongolotsi zikafa. Imene imandisangalatsa ine ndi ya mkaka. Ku UK ndi Ireland amatunga pang'ono mu thanki ya mkaka wa khola lonse, n'kudziwa ngati ziweto za pafamupo zakumana ndi matendawa, popanda kugwira ng'ombe ngakhale imodzi.

Taganizani za mathanki oziziritsa mkaka amene ali ku Bvumbwe, ku Mpemba ndi m'malo ena osonkhanitsira mkaka. M'mawa uliwonse alimi ambirimbiri amathira mkaka wawo mu thanki imodzi. Amauyeza kale ngati wathiridwa madzi kapena wayamba kusasa. Kabotolo kamodzi kochokera mu thankiyo kakhoza kuuza gulu lonse ngati dera lawo lili ndi vutoli, ngakhale sikanganene kuti ndi ng'ombe ya ndani. Ndikuona kuti imeneyi ndi ntchito yoyenera ophunzira za udokotala wa ziweto a ku LUANAR, ndipo ndi funso loti achinyamata amene muli m'makomiti a magulu a mkaka muzilifunsa pamisonkhano.

Kuyeza kumene sikuphonya kwenikweni ndi kwa mpeni. Woyeza nyama kophera ng'ombe amacheka chiwindi modutsa njira za ndulu. Chikakhala chodwala, njirazo zimakhala zokhuthala, zoyera ngati mapaipi, mpeni umachita kukhwekhwereza ngati wakumana ndi mchenga, ndipo akafinya nyongolotsi zimatuluka zikuyenda. Chiwindi chotere chimatayidwa ngakhale nyama ina yonse ili yabwino. Ng'ombe zambiri zodyedwa mu Blantyre zimakwera kuchokera ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene zimadya m'madambo a Shire, ndiye mukamagula chiwindi pa butchala kapena pa chiwaya yang'anani. Chabwino chimakhala chosalala, chofiirira mofanana. Cha mitsempha yoyera yolimba chisiyeni. Kwa mlimi wa mkaka kuyeza uku kumabwera mochedwa, komabe ngati mnzanu wa m'gulu wapha ng'ombe kapena mbuzi imene inkadya udzu wa dambo lomwe inu mumamweta, pitani mukaone chiwindi chake.

Botolo loyenera, ndi mkaka wotaya

Jakisoni amene anagulidwa mu Limbe uja sanali wabodza. Ivermectin amapha njoka zozungulira za m'mimba ndi tizilombo tina ta pakhungu, koma payekha saikhudza nyongolotsi ya m'chiwindi. Choipa china, botolo lomwelo linali litalembedwa kuti asabayidwe ng'ombe imene mkaka wake anthu akumwa. Alangizi anawerengera azakhali mawuwo mokweza, kenako anandiuza kuti ndijambule ndi kutumizira mwini ndalama ku Johannesburg.

Mankhwala a matendawa alipo angapo ndipo sagwira mofanana. Triclabendazole ndi amene amapha zazing'ono ndi zazikulu zomwe, koma amakhalitsa m'thupi, motero sapatsidwa kwa ng'ombe imene ikukamidwa. Nthawi yake ndi pamene mwaiumitsa podikira kubereka, ndipo kumaiko ena nyongolotsi zinayamba kale kuwapirira, kuyambira ku Australia m'chaka cha 1995. Nitroxynil ndi closantel nawonso si a ng'ombe yokamidwa. Albendazole amapha zazikulu zokha, pa mlingo wokwererapo kuposa wa njoka wamba, ndipo saperekedwa ng'ombe ikangotenga kumene bere chifukwa akhoza kuwononga mwana. Oxyclozanide amaphanso zazikulu zokha, koma amachoka msanga mu mkaka, n'chifukwa chake madokotala amawakonda pa ng'ombe zokamidwa. Ya azakhali inamwa amenewa, atayamba aizunguliza tepi pachifuwa kuti adziwe kulemera kwake. Kuyeza ndi maso kumapangitsa anthu kupereka mlingo wochepa, ndipo nyongolotsi zimene zapulumuka ndi zimene zimabala zopirira.

Chovuta kwambiri sichinali kumwetsa. Chinali kutaya mkaka kwa masiku amene alembedwa pa botolo. Azakhali anaima ndi ndowa m'manja kwa kanthawi ndithu.

"Ngakhale wa tiyi wa ana, alangizi?"

"Makamaka wa anawo, mayi."

Mkaka wotere ukalowa mu thanki ya gulu umafika kwa inu ndi ine mu paketi. Kuwiritsa si njira yochotsera mankhwala.

Popeza mankhwalawo sapha zazing'ono, anabwereza patapita miyezi iwiri kuti apeze zimene zinali zisanakule. Chotupa cha pachibwano chinaphwa, chikope chinayambanso kufiirira, ndipo mu Epulo ng'ombeyo inatenga bere. Mkaka unakwera kufika malita 10, osabwereranso pa 14. Chiwindi chikachita zipsera chimachedwa kuchira, komanso nyengo ya mkaka wambiri inali itadutsa kale.

Chimene chasintha pakhomopo ndi kamwetedwe ka udzu. Tizigoba tija timamata kwambiri kumunsi kwa udzu, pamene madzi amafika, ndipo timakhala ndi moyo nthawi yaitali pachinyezi ndi pamthunzi, koma dzuwa lamphamvu limatipha. Ndiye udzu wa kudambo tsopano amaudula m'mwamba ndi kuuyanika mpaka uume usanalowe m'khola. Nsenjere anawonjezera m'malire a munda wa kumtunda, ndipo chaka chino anafutsa udzu mvula itangosiya. Madzi akumwa ndi a pa mjigo. Ndowe zimapita m'dzenje kuti ziwole kaye zisanapite kudimba, chifukwa kutentha kwa manyowa owola kumapha mazira. Poyamba zinkangokokoloka ndi mvula kutsikira ku khwawa lomwe lija.

Nanga munthu?

Funso limeneli ndafunsidwa ndi aliyense amene ndamufotokozera nkhaniyi. Mkaka supatsira matendawa. Nyama yophika bwino siipatsiranso. Munthu amawatenga mofanana ndi ng'ombe, pomeza tizigoba tija pa masamba osaphika omera m'madzi kapena othiriridwa ndi madzi a m'dambo, kapenanso pomwa madziwo. Bungwe la World Health Organization limati anthu osachepera 2.4 miliyoni m'maiko oposa 70 ali ndi matendawa, ndipo madera odziwika kwambiri ndi mapiri a Bolivia ndi Peru komanso Egypt. Ife mwayi wathu ndi woti ndiwo zamasamba timaphika mpaka zipse. Koma saladi wafika m'tauni muno, pa chipisi chilichonse pali kabichi wosaphika, ndipo madimba ambiri a m'mbali mwa mitsinje amathirira ndi madzi omwewo. Dziwaninso kuti praziquantel, mankhwala a likodzo amene amagawidwa m'sukulu, sagwira pa nyongolotsi iyi. Kwa anthu amagwiritsa ntchito triclabendazole.

Pali chinanso chatsopano. Akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a Malawi Liverpool Wellcome Programme, imene ili pa chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre momwemuno, anayamba kuyendera madzi a m'chigawo cha kummwera mu 2021 kufufuza nkhono zofalitsa matenda. Mu Malichi 2023, mwezi womwe namondwe wa Freddy anatigwetsera mapiri ku Chilobwe, anapeza ku Nsanje nkhono imene inali isanalembedwepo m'Malawi muno, Pseudosuccinea columella. Kwawo kwenikweni ndi ku America, koma yafalikira m'maiko ambiri, ndipo imadziwika kuti imanyamula nyongolotsi za m'chiwindi za mitundu yonse iwiri. Pofika Julaye chaka chomwecho anaipezanso ku Chikwawa ndi ku Mangochi, ndipo analengeza zimenezi mu 2024. Kuchokera ku Chikwawa kukwera Thabwa kufika mu Blantyre ndi makilomita pafupifupi 50.